Tchesi ya Pakhonde pa Apongozi

Tchesi ndinaiphunzira kwa munthu amene sindinkaloledwa kukhala naye pamphasa imodzi. Munthuyo ndi apongozi anga, amayi a mkazi wanga.

Ine kwathu ndi kwa Mlolo, koma nditakwatira ndinakakhala chikamwini kwa Zemba. Ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Nthawi imene ndikunenayi n'kuti nditakhala pamudzipo zaka zisanu ndi chimodzi, ana tili nawo awiri, ndipo m'zaka zonsezo ine ndi apongozi tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso. Sikuti tinkadana ayi. M'makomo ena mwambo wopewana ndi apongozi unayamba kuzilala, koma pakhomo pathupo unali wamoyo. Tikakumana panjira ya kudimba, mmodzi ankapatukira patchire n'kuomba m'manja ali chapatali. Kawirikawiri wopatukayo ndinali ine, moti chitedze cha m'njira imeneyo chinkandidziwa bwino. Mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo iye ankawafikitsa osachotsapo mchere ngakhale pang'ono.

Chaka chimenecho titangokolola, mkulu amene anandiphunzitsa ukalipentala anandiitanitsa kuboma ku Chadiza. Anati maso ayamba kumukanika, ndipo shedi yake ya pafupi ndi msika, pamodzi ndi benchi yogwirirapo ntchito, akufuna kusiyira ine. Koma anaika malire. Ndikafike mvula isanagwe, apo ayi apatsa wina, chifukwa shedi yopanda munthu imadyedwa ndi chiswe. Ndinabwerera kumudzi njinga ikuuluka. Ndili m'njira ndi pamene ndinakumbukira kuti mkamwini sangonyamula mkazi ndi ana ngati matumba a mtedza. Kupita nawo kwina ndi chitengwa, ndipo chitengwa amachita kupempha.

Ndinayamba kwa atsibweni a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi. Iwo anamvetsera bwinobwino, kenako anati, "Ine ndilibe mawu, akamwini. Mlongo wanga akavomera, inenso ndavomera." Ndiye ndinatuma mkazi wanga kwa amayi ake. Anabwerako msanga kwambiri.

"Amayi akuti amva," anatero.

"Basi?"

"Basi. Akuti amva."

Patapita masiku atatu mkazi wanga anabwera ndi kamtengo kosemedwa ngati mutu wa kavalo. "Amayi akuti muwasemere mnzake wa kameneka. Winayo anatayika kale." Ndi pamene ndinamva mbiri ya kamtengoko. Apongozi ali mtsikana anagwirapo ntchito kukhitchini ya masisitere kumishoni. Sisitere wina wokalamba wochokera kunja, posowa wosewera naye, anawaphunzitsa tchesi, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira bolodi ndi tizidutswa take. Apongozi ankasewera ndi malemu amuna awo. Iwo atamwalira, bolodilo linagona m'sutikesi zaka zambiri.

Ndinatenga kachidutswa ka mlombwa n'kusema ndi mtima wonse, poti ndinkafuna kuoneka mkamwini waphindu. Vuto ndi lakuti kavalo weniweni ndinali ndisanamuonepo. Yankho linabwera madzulo omwewo.

"Amayi akuti zikomo, mbuzi yafika bwino," mkazi wanga anatero akudziluma mlomo kuti asaseke. "Akuti poti mbuziyo ndi yanu, muphunzire mmene imayendera."

Mkazi wanga mayendedwe a tchesi amawadziwa kuyambira ali mwana, kungoti masewerawo samukoma. Anandijambulira bolodi pansi ndi kamtengo n'kundionetsa. Mfumu imayenda phazi limodzi basi, ngati munthu wa nyamakazi. Mfumukazi imapita kulikonse kumene yafuna. Bishopu amayenda chopingasa, nsanja imayenda chowongoka, kavalo amadumpha anzake n'kukhotera pambali, ndipo tiasilikali ta patsogolo timangoyenda chamtsogolo osabwerera. Ine wa nsolo ndinaona ngati n'zophweka. Ndinafunsa funso limodzi lokha: nanga tisewera bwanji, anthu osakhalirana pafupi?

Apongozi anali atakonza kale. Bolodi linaikidwa pa kampando pakhonde pawo, n'kuvindikiridwa ndi dengu chifukwa cha nkhuku. Pambali pake panali mwala. Iwo akasuntha, ankaika mwalawo mbali yanga n'kupita kudimba kapena kumjigo. Ine ndikaona kuti pakhonde palibe munthu, ndinkapita, n'kuvundukula dengu, n'kusuntha, n'kubweza mwala mbali yawo. Tsiku labwino tinkasuntha kanayi aliyense. Gemu imodzi inkatha sabata, ina milungu iwiri.

Tsopano apa ndi pamene ndinalakwitsa mwaulemu kwambiri. Mu tchesi amayamba ndi wa zoyera. Ine ndinaganiza kuti wamng'ono sasamba m'manja wamkulu asanasambe, ndiye zoyera zonse ndinazisiyira apongozi. Kenako panabwera funso la mayambidwe, loti pa tizidutswa tonseti ndiyambe kusuntha kati. Nzeru imene ndinapeza ndinaiona ngati ya mtengo wapatali. Ndinati chimene apongozi achita, inenso ndichita chomwecho. Akasuntha kamsilikali ka patsogolo pa mfumu, inenso ndisuntha kanga. Akatulutsa kavalo, inenso nditulutsa mbuzi yanga. Munthu wotsatira akulu angasochere bwanji? Komanso mumtima ndinkati aone okha kuti mkamwini wawo ndi womvera, woyenera kumupatsa mwana.

Magemu awiri oyamba ndinaluza, koma ndinaluza pang'onopang'ono, ndipo ndinkayenda pamudzi chifuwa chili patsogolo. Gemu yachitatu, apongozi anasuntha kamsilikali ka patsogolo pa mfumu, inenso ndinatero. Kenako anatulutsa mfumukazi yawo n'kukaiika m'mphepete mwenimweni mwa bolodi. Ndinadabwa pang'ono, koma akulu sawafunsa. Ndinatulutsa mfumukazi yanga n'kukaiika m'mphepete momwemo, moyang'anizana ndi yawo, mphuno ndi mphuno. Ndinavindikira dengu n'kupita kukapala matabwa ndikuimba mluzu. Pobwera masana ndinapeza mfumukazi yanga ili kunja kwa bolodi, yagonekedwa bwinobwino pa kansalu ngati maliro.

Uthenga sunachedwe. Mkazi wanga anaima pakhomo pa shedi yanga ya udzu, manja ali m'chiuno.

"Amayi akufunsa kuti, munthu wongoponda m'mapazi a mnzake, mnzakeyo akalowa m'chimbudzi nayenso amalowa?"

Ndinaseka, poti zinalidi zoseketsa. Koma iye anali asanamalize.

"Akutinso, kuboma mukakafika muzikatsanzira ndani?"

Kuseka kunathera pomwepo. Ndinazindikira kuti pempho langa silinaiwalike ayi. Mlandu wake unali kuzengedwa tsiku ndi tsiku pansi pa dengu lija, ndipo ine ndinali kuluza mlanduwo ndikuimba mluzu. Ndinachita manyazi kwambiri.

Loweruka lotsatira ndinapalasa njinga kupita kuboma. Kumeneko kuli mphunzitsi wina amene ndinamukhomerapo shelefu ya mabuku, ndipo ndinali nditamva kuti amaphunzitsa ana tchesi akaweruka. Nditamufotokozera, anasangalala ngati ndamubweretsera nkhuku. Anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa mayambidwe osiyanasiyana, ndipo ine sindinkadziwa kuti alipo ambiri chonchi. Alionse ali ndi dzina lake, ena a Chifalansa, ena a ku Sisiliya, ena a Chimwenye. Anati awa ndi aukali, awa ndi a msampha, awa amasewera akatswiri. Ine onse anandikoma. Pepala ndinalibe, ndiye ndinatenga kathabwa kamene kanali pakaliyala n'kulembapo ndi pensulo yanga ya kukhutu, mayambidwe asanu ndi limodzi, mbali zonse ziwiri.

Kuyambira pamenepo gemu iliyonse ndinkabwera ndi zatsopano. Zoyera ndinkawasiyirabe apongozi, koma tsopano ndinkayankha ngati munthu wophunzira. Ndinkafika pakhonde kathabwa kali m'khwapa, n'kuwerenga, n'kusuntha. Kasanu koyamba zonse zinkayenda monga mwalembedwera. Kachisanu ndi chimodzi apongozi ankasuntha china chake chimene pathabwa panalibe. Ndinkatembenuza thabwa, kuseri kulibenso. Vuto linali lakuti apongozi thabwa langalo sanaliwerenge. Ndinkangoima pamenepo, tizidutswa tanga tili m'malo amene sindinkadziwa chifukwa chake, ngati munthu amene watsika minibasi pa siteji yolakwika.

Mayambidwe a ku Sisiliya anandiphetsa m'masiku anayi. A Chifalansa anatsekera bishopu wanga kuseri kwa tiasilikali take, ndipo anakhala momwemo mpaka gemu kutha, osaona kunja. A msampha aja ndinakoledwamo ndine mwini. Ndikaluza ndinkati mayambidwewo ndi oipa, n'kupita pa mzere wotsatira wa thabwa. Mkazi wanga ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Ine ndinkamuyankha kuti za tchesi azisiyire ife osewera.

Thabwa linatha mwezi wa Sepitembala uli kumapeto. Kunja kunali kutatentha, mitengo itayamba kuphuka masamba atsopano, ndipo mkulu wa shedi uja anali atatumiza kale mawu kawiri. Uthenga wa apongozi unabwera mkazi wanga akusenda mtedza, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Amayi akuti gemu iliyonse akusewera ndi mkamwini watsopano. Akufunsa kuti pa akamwini onsewa, mwana wawo apite ndi uti?"

Ndinapsa mtima. Ndinati zaka zisanu ndi chimodzi ndalima pamudzi pano, denga la nyumba yawo ndinakhoma ndine, zitseko zonse ndi manja anga, lero ndiyesedwe ndi timitengo? Ndinati dengu lija sindidzalivundukulanso. Ndinalankhula zambiri, ndipo zina sindingazilembe pano.

Mkazi wanga anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Bambo a ana, kuboma ine ndikufuna kupita kuposa inu. Ndikufuna ana aziyenda pang'ono popita kusukulu. Amayi sakuopa boma. Achemwali anga anapita chitengwa ndi mwamuna wa mawu okoma, lero geni ya nsomba, mawa ya zovala za salaula, mkuja wapita ku Chipata, ndipo anabwerako ndi ana atatu ndi chikwama chimodzi. Amayi sangakufunseni maso ndi maso kuti ndinu munthu wotani. Akukufunsirani pabolodipo. Inu mukuwayankha ndi thabwa la aphunzitsi."

Mawa lake ndinali ndi tebulo loti ndimalize, ndipo ndikulumikiza miyendo yake maganizo anandibwerera. Tebulo ndakhoma ambirimbiri, koma sindinayambepo tebulo m'njira yatsopano chifukwa choti ladzulo linapendama. Ndimayamba ndi miyendo inayi, iime bwino, zokongoletsa pambuyo. Likapendama ndimayang'ana pamene dzanja langa linalakwa, sindisintha mayambidwe. Ndinasiya tebulolo n'kukwera njinga.

Mphunzitsi uja ndinamupeza akuchonga makope. Ndinamuuza kuti sindikufunanso mayina. Ndikufuna mayambidwe amodzi okha, oti ndizidziwa chifukwa cha kusuntha kulikonse, oti munthu wa mutu ngati wanga sangaiwale. Anakanda m'mutu, akuoneka wokhumudwa pang'ono, n'kunena kuti zimenezo ndiye amaphunzitsa ana a Giredi 5 tsiku loyamba. Kamsilikali ka patsogolo pa mfumu kapite mapazi awiri, kagwire pakati pa bwalo ndi kutsegulira anzake njira. Kavalo wa mbali ya mfumu atuluke. Bishopu wa mbali yomweyo atuluke. Kenako mfumu ikabisale pakona, nsanja ibwere pambali pake. Ndinawerenga ndi zala: zinayi, ngati miyendo ya tebulo.

"Koma izi n'za woyamba kusuntha," anatero mphunzitsiyo. "Mutenge zoyera."

Njira yonse yobwerera mawu amenewo ankandilemera kuposa matabwa. Kutenga zoyera kunali kusamba m'manja apongozi asanasambe. Ndinaganiza zofunsa kudzera mwa mkazi wanga, koma ndinaona kuti kufunsako n'kutsanziranso, kungoti kwaulemu. M'mawa mwake ndinadikira mpaka apongozi atasenza ndowa kupita kumjigo. Ndinakwera pakhonde, n'kuvundukula dengu. Tizidutswa tinali titayalidwa kale, zoyera zili mbali ya chitseko chawo monga mwa masiku onse. Ndinagwira bolodi ndi manja awiri n'kulitembenuza. Potembenuzapo nsanja imodzi inagwa n'kugubuduzika mpaka pabwalo, ine n'kuithamangira chokwawa, nkhuku zikundiyang'ana. Ndinaibweza, n'kusuntha kamsilikali ka patsogolo pa mfumu mapazi awiri, n'kuika mwala mbali yawo. Kenako ndinathawira kumunda, kumene ndinakasosa malo amodzi omwewo mpaka dzuwa kufika pamutu.

Pobwerera ndinadzera kuseri kwa nkhokwe n'kusuzumira. Mwala unali mbali yanga. Apongozi anali atayankha ndi zakuda, bolodi lili mmene ndinalisiyira.

"Anena chiyani?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Sananene kanthu. Koma ndawamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi posesa, ndipo lero si Lamulungu."

Gemu imeneyo ndinaluza, koma ndinadziwa pamene ndinalakwira: ndinasiya bishopu wopanda womuteteza. Yachiwiri ndinayamba chimodzimodzi. Kamsilikali, kavalo, bishopu, mfumu pakona. Ndinaluzanso, koma pena. Yachitatu apongozi anayesa kundikopa, anasiya kamsilikali kawo poyera mfumu yanga isanabisale. Dzanja linayabwa, koma ndinati mwendo wachinayi uyambe waima, ndipo ndinabisa mfumu. Pambuyo pake ndinaona kuti ndikanadya kamsilikaliko ndikanalowa m'dzenje.

Chodabwitsa n'chakuti masewera anayamba kuthamanga. Apongozi anayamba kupeza zochita zambiri kuseri kwa nyumba. Akasuntha ankakhosomola mokweza n'kupita kukaona nkhuku, ine n'kutulukira kuseri kwa nkhokwe, n'kusuntha, n'kukhosomola, n'kubwerera. M'mawa wina tinasuntha kasanu ndi kanayi aliyense. Mkazi wanga anati pakhomo pamveka ngati pa kiliniki nthawi ya chimfine.

Mu gemu yachinayi ndi mmene zinachitikira zimene sindidzaiwala. Mbuzi yanga ija ndi ya mlombwa wofiirira, ndiye nditatenga zoyera inabwera mbali yanga, kavalo woyera mmodzi n'kukatseka mpata wake kwa apongozi. Tsiku limenelo inadumphira pamalo pamene inaopseza mfumu ya apongozi ndi nsanja yawo nthawi imodzi. Mfumu inathawa, ine n'kudya nsanja. Chinali chinthu chachikulu choyamba kudya kwa apongozi chiyambire. Nditainyamula nsanjayo ndinasowa poiika. Ndinaigoneka pa kansalu kaja, n'kugwada, n'kuomba m'manja moyang'ana chitseko. M'nyumbamo munamveka kuseka, kuseka kwenikweni kwa munthu wogwira nthiti. Zaka zonsezo ndinali ndisanawamvepo apongozi akuseka chapafupi chonchi. Gemuyo anandipherabe mfumu, nsanja imodzi alibe.

Mitambo inayamba kusonkhana chakum'mawa masana alionse. Anthu anali atamaliza kugalauza mizere. Ine ndinali nditayamba gemu yachisanu, mofanana ndi zinayi zija, ndipo mumtima ndinali nditavomera kuti shedi yapita. Ndinkati mwina apongozi akudikira kuti ndipambane, ndipo kupambana kunali kutali ngati Lusaka.

Tsiku lina chakumasana mkazi wanga anabwera akupukuta manja pachitenje. "Amayi akukuitanani pakhonde."

"Achokapo?"

"Alipo. Akuti mubwere alipo."

Ndinavala malaya, n'kuwavulanso poti anali ndi utuchi, n'kuvala ena. Nditafika ndinanjuta patali, pafupi ndi mtondo, nkhope nditalozetsa kumbali. Apongozi anali atakhala pamphasa, bolodi lili patsogolo pawo, dengu lili pambali.

"Apongozi," anatero, poti iwonso amanditchula choncho, "senderani kuno. Bolodi sililuma."

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene anandilankhula okha, opanda wodutsamo. Ndinasendera pang'ono. Anati ndisenderenso. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa khonde, maso ali pa tizidutswa.

"Magemu anayi mwayamba mofanana," anatero. "Anayi onse mwaluza. Yachisanu mwayambanso momwemo. Munthu wotere ndikamufuna ndimadziwa kokamupeza. Mwana wangayu mutengeni, mvula isanakutsekerezeni."

Ndinaomba m'manja nthawi yaitali. Ndinasangalala kwambiri, ndipo misozi inali pafupi. Mkazi wanga anali ataima pa ngodya ya nyumba, chitenje chili pakamwa.

Apongozi anatambasula dzanja n'kutola kamsilikali koyera ka patsogolo pa mfumu, kamene ndinkayamba nako masiku onse. Anakaika pamphasa n'kukakankhira mbali yanga ndi chala.

"Aka mutenge. Popanda kameneka inu simungayambe, ndipo ine tchesi yoperewera sindisewera. Muzibwera nako pa Khirisimasi, pa Pasaka, ndi pokolola. Ndipo musamabwere nokha."

Tinasamuka patapita masiku anayi, katundu ali pangolo, ndipo mvula yoyamba inatipeza tikutsitsa mabedi pakhomo latsopano. Shedi ndikugwiramo mpaka lero. Kamsilikali kaja kamakhala m'bokosi la matchizulo anga osemera, kokulungidwa m'kansalu. Nyengo ikakwana timakwera njinga ziwiri, ine ndi mkazi wanga, ana pakaliyala, ulendo wa kwa Zemba. Masiku ano ine ndi apongozi timasewera titakhala pamphasa imodzi, ngakhale ndimakhalabe chammbali pang'ono, poti thupi linazolowera. Mayambidwe anga sanasinthe: kamsilikali, kavalo, bishopu, mfumu pakona. Mphunzitsi uja amati ndakula, ndiyeseko ena. Ndimamuuza kuti ndiyamba ndawagonjetsa apongozi ndi amenewa, ndipo iye amati ndiye kuti sindidzasintha.

Mwana wanga wamkulu anandifunsa tsiku lina, ataona kamsilikaliko m'bokosi, kuti bwanji osangowasemera agogo kena kuti tchesi yawo ikwanire. Kamsilikali si kavalo, ndi mutu wozungulira ndi tsinde basi, ntchito ya theka la ola. Apongozi ankadziwa zimenezo tsiku limene ankandipatsa, ndipo inenso ndinkadziwa. Iwo sanapemphepo, inenso sindinasemepo.